Mankhwala Akhale Pamwamba

Boyd atangomasula zingwe n'kukoka lona, a Ennie Chulu anabwerera m'mbuyo atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje. Fungo limene linatuluka m'lolemo silinali la nsomba yowola kapena la dizilo. Linali lolasa, ngati adyo wopserera wothiridwa palafini, fungo lija limakakamira kukhosi munthu akadutsa m'munda wa thonje wongopoperedwa kumene.

"Wanyamula chiyani iwe?"

Boyd anayankha kuti wanyamula zimene pepala linalamula. Iye ndi dalaivala, osati wopakira. Ku Chipata opakira anamanga lona dzulo masana, ndipo iye m'mawa uno anangolowa kutsogolo n'kuliza injini. Fungo analimva akutsika phiri lolowera kuchigwa, koma anaganiza kuti likuchokera m'minda.

"Minda iti yopopera mu Novembala, mvula isanagwe? Mphuno yakoyo unaisiya ku Chipata?"

A Ennie anali kapitawo wa katundu pa depoti ya ku Mfuwe kwa zaka khumi ndi zinayi. Kampaniyo inali ya a Langford Zimba, ya malole anayi onyamula chilichonse pakati pa Chipata ndi chigwa: simenti, feteleza, zakumwa za kumaloji a alendo odzaona nyama, ndi thonje nyengo yake ikakwana. Lole ya Boyd inayenera kutsitsa katundu wa kumaloji pano, kenaka masana omwewo kupitirira kumudzi wina wa kuseri kwa Msoro, kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Kumeneko amayi a mpingo ankaphikira phala ana oposa mazana awiri. Matumba handiredi twente a ufa wa chimanga ndi soya amene anali m'lolemo anali oti awafikitse anawo mpaka Epulo, chifukwa mvula ikangoyamba msewu umenewo sudutsa galimoto.

A Ennie anaponda pa tayala, nagwira chitsulo, nasuzumira m'kati.

Pamwamba pa matumba a ufa panali makatoni twente, osanjidwa bwinobwino. Ena anali atafewa ngati buledi woviikidwa mu tiyi. M'makatonimo munali zigubu za mankhwala opopera thonje, zotupa ndi kutentha ngati mimba ya mbuzi yofa dzana, ndipo zinayi zinali zitang'ambika pakamwa. Madzi achikasu, onanda, anali atatsikira m'mipata ya matumba, mzere ndi mzere mpaka pansi, pamene anapanga kadziwe. M'kadziwemo munali ntchentche zosawerengeka, miyendo m'mwamba. Mphemvu zimene zinakhala zaka m'matabwa a loleyo zinali zitatuluka kudzafera poyera. Pakona panali buluzi atagona chagada, mchira ukugwedezeka pang'onopang'ono.

A Ennie anatsika, analavula, anapukuta pakamwa.

"Ndani anaika poizoni pamwamba pa chakudya cha ana?"

Boyd anatulutsa pepala la kapakiridwe m'thumba la malaya n'kuwapatsa. Pa mzere wachisanu panalembedwa kuti: Mankhwala, makatoni 20. Akhale pamwamba, asapsinjike. Angathe kuyenda ndi chakudya.

Anawerenga kawiri. Dzuwa linali likuwotcha malata a depoti mpaka kulira.

M'mwezi wa Ogasiti, Brenda, mwana wa a Langford, anabwera kuchokera kusukulu ku Lusaka ndi pulogalamu ya pa kompyuta yokonza maulendo. Kale ntchito imeneyi inali m'mutu mwa a Ennie ndi pa bolodi la choko. Tsopano munthu akaimba kuti ali ndi katundu, iwo ankangolemba pa foni kulemera kwake, kukula kwake, kumene akupita ndi tsiku lofikira, n'kusankha mtundu wa katunduyo pa mndandanda. Pulogalamuyo inkatenga zonsezo n'kuyesa njira zikwizikwi zogawira katundu m'malole anayiwo, mpaka kupeza njira imene malole ayende mtunda wochepa ali opanda kanthu. Mu ofesi munapachikidwa sikirini yoonetsa lole iliyonse ngati kamzere, kobiriwira ikadzaza, kofiira ikanyamula mphepo yokha. A Langford ankakonda kuima patsogolo pake atapinda manja, monga mlimi woyang'ana munda wake.

Ndipo kunena zoona, chinthucho chinkagwira ntchito. Madalaivala anayamba kugona kwawo kawirikawiri. Malole anasiya kukwera phiri la ku Chipata ali opanda kanthu. A Ennie eni ake anathokozapo Mulungu pa mapemphero a amayi, chifukwa mutu unasiya kuwapweteka Lolemba lililonse. Zaka zonsezo ulendo wa ku Msoro wa mwezi uno ankaugawa pawiri, chakudya Lachiwiri, za thonje Lachisanu, lole iliyonse n'kupita theka. Pulogalamu inaona matheka awiriwo, inawaphatikiza, kamzere n'kufika pa nainte-seveni peresenti.

Mndandanda wa mitundu ya katundu Brenda anaumasulira yekha m'Chinyanja kuti antchito asavutike. Panali chakudya, zakumwa, zomangira, feteleza, mankhwala, ndi zina. Sabata yatha bambo wa kukampani ya thonje anaimba kuti ali ndi mankhwala makatoni twente opita ku Msoro. A Ennie ankadziwa bwino lomwe mankhwala ake. Nawonso analimapo thonje, ndipo mlongo wawo anagonapo m'chipatala masiku atatu chifukwa chopopera mphepo ikumuwomba kumaso. Anayang'ana pa mndandanda, anapeza mawu omwewo amene bamboyo ananena, n'kudina. Sanadziwe kuti m'mimba mwa pulogalamuyo mawu amenewo amatanthauza mapilitsi ndi mabandeji a kuchipatala.

A Langford anafika pa twelofu awazi. Anali mkulu wa mpingo umene a Ennie ankapempherako, munthu wa mawu ofatsa, woimba besi m'kwaya ya abambo. Amuna awo a Ennie atamwalira ku Chipata zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, anali a Langford amene anatulutsa lole kukatenga maliro, naiyendetsa okha njira yonse. Zimenezi a Ennie sankaziiwala.

A Langford anakwera pa lole, anayang'ana nthawi yaitali, anatsika atatseka pakamwa ndi mpango. Ananena kuti fungo ndi lamphamvudi, koma chinthu kununkha kwambiri si ndiye kuti chalowa kwambiri. Matumbawo ali ndi pulasitiki m'kati. Onyowa achotsedwe, mwina twente kapena sate. Otsalawo akhuthulidwire m'matumba atsopano, apumeko mphepo pamthunzi, lole itsukidwe ndi sopo, ndipo pofika fifitini awazi Boyd anyamuke.

"Onyowawo musataye, abwana," anatero Boyd. "Kuseri kwa msika kuli amayi otcheza kachasu, angawalandire ndi manja awiri. Moto umapha zonse. Ndiponso akumwawo anafa kale m'kati, mankhwala akapeza chiyani choti aphe?"

Opakira anaseka. Mmodzi wa iwo, a Ruben, anati iwo ali ndi abakha khumi ndi awiri, ndipo bakha sasankha. Wina anafunsa ngati matumba akalewo, akachapidwa, sangasokedwe matiresi.

A Ennie anawayang'ana mmodzimmodzi. Ambiri a iwo anali anthu oti Lamlungu amaimirira n'kuimba za kuyeretsedwa mtima maso atatsinzina, mpaka denga la tchalitchi kunjenjemera. Lero aliyense anali atapezera kale ufa wa imfawo pakamwa poti ulowe. 

"A Zimba, mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Ife talowetsa, yang'ambika. Tiyeni tivomere, tiwauze abungwe amene anagula ufawu, tipeze lole ina."

A Langford analowa mu ofesi, a Ennie ali pambuyo. Brenda anali pa kompyuta, fani ikumuwulutsira mapepala. Bambo ake anangomufunsa ngati pali lole yomasuka masiku ano. Mtsikanayo anaonetsa pa sikirini. Timizere tonse tinali tobiriwira mpaka pa twente-eyiti mwezi womwewo. Mbewu ya thonje, feteleza, simenti ya pa sukulu ina, zakumwa ndi gasi za maloji amene sakutseka nyengo ya mvula, zonse zinali zitalumikizana ngati mikanda, kotero kuti kusuntha ulendo umodzi kukanagwedeza maulendo asanu ndi awiri. Brenda anafunsa ngati pali vuto. A Langford anati pali kutayikira pang'ono, akukonza, iye apitirize ntchito yake.

Panja a Langford anawaitanira a Ennie pansi pa mtengo wa msikizi, kutali ndi makutu a opakira.

"Amake Given, ndayang'ana pa foni panga. Oda imeneyi inalowa ndi dzina lanu."

"Ndikudziwa."

"Mawuwo anawalemba ndi mwana wanga, anawadina ndinu. Tsono Brenda ndi khoswe wa pamkhate, sapheka. Abungwe akafuna mutu wa munthu, ndiwapatsa wa ndani?"

A Ennie anayang'ana pansi. A Langford anapitiriza ndi mawu omwe aja ofatsa amene amatsogolera nawo pemphero. Anati bungwelo likusankha mwezi uno kampani yoti izinyamula chakudya chake m'chigwa chonse chaka chamawa, ndipo nkhani ngati iyi ikamveka, dzina lawo lifafanizidwa. Pa malole anayiwa pakudya mabanja khumi ndi asanu ndi atatu, kuphatikizapo zidzukulu zitatu zimene a Ennie akulera. Anakamba za chikondi chimene chimakwirira zolakwa za abale. Kenaka ananena chinthu chimene chinawalowa a Ennie mpaka m'mafupa.

"Ufa ukapanda kupita lero, sudzapitanso. Mitambo mwaiona dzulo kum'mawa. Mtsinje ukadzaza, anawo akhala miyezi isanu opanda kanthu. Phala lonunkha pang'ono ndi mbale yopanda kanthu, inu mungamusankhire chiti mwana?"

Zimenezo sizinali zabodza zonse, ndipo n'chifukwa chake zinali zoipa kwambiri. A Ennie anamasula makiyi pa chitenje n'kupita kukatsegula chipinda chosungiramo zipangizo. Anatulutsa mtolo wa matumba atsopano, oyera mbuu, ndi singano ndi ulusi. Anauza a Ruben kuti atsitse thumba limodzi la pansi penipeni, kutsogolo kwa lole, kumene madziwo sanafike.

Thumbalo linali louma mbali zonse. Analiimika pamthunzi, a Ennie anadula ulusi, anatsegula pulasitiki ya m'kati. Ufa unali wosalala, wachikasu pang'ono, wopanda banga. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono, natapa wa pakatikati, naubweretsa kumphuno.

Poyamba anamva soya wokazinga, fungo labwino lija limaitana ana asanaone mphika. Koma pansi pake panali linalo, laling'ono, litabisala ngati njoka pansi pa mphasa. Usiku wonse ndi m'mawa wonse pansi pa lona, m'kutentha kwa chigwa, mpweya wa mankhwalawo unali utapeza njira yake. Ndipo chimene chinawanyansa koposa n'chakuti ufawo unali wokongola. Ukathiridwa shuga, mwana wa zaka zinayi sangadziwe kanthu. Anganyambite mbale, n'kuimanso pa mzere kupempha lina. Ndipo thumba latsopano loyeralo, losokedwa ndi manja awo, likanakhala ngati manda opaka laimu.

Anataya ufawo, anathamangira kuseri kwa thanki ya madzi, nasanza tiyi yense wa m'mawa. Anasamba mkono ndi sopo wochapira, anatsukuluza m'kamwa. Sanapemphere pemphero lalitali. Anangoti, Ambuye, mwaona, n'kutulutsa foni.

A Harriet Mphasi, amene ankatsogolera amayi ophika phala kumudzi kuja, anayankha msanga. Anali atakwera pachulu pamene pamagwira netiweki, kudikira uthenga wa lole.

"Mwaswera bwanji, amake Given? Yanyamuka? Kuno tasesa kale mosungira, tazira ndi pansi pomwe."

"Ndaswera, amayi. Khalani pansi ndikuuzeni."

Anawafotokozera zonse, osachotsapo kanthu: makatoni, zigubu, ntchentche, ndi chala chimene chinadina mawuwo. Kumbali inayo kunkamveka mawu a ana amene ankaimba chapatali nyimbo yowerengera manambala. A Harriet anafunsa ngati palibe ngakhale matumba khumi abwino.

"Palibe ngakhale limodzi. Wina akakubweretserani ufa m'matumba oyera osalembedwa, musalandire. Ngakhale nditabwera nawo ine."

A Harriet anapuma mozama. Anati ufa umene watsala ungakwane masiku asanu ndi atatu, mwina khumi akamapunguza. Sanawadzudzule, ndipo kusadzudzulako kunapweteka kuposa kutukwanidwa. Anati aimbira abungwe nthawi yomweyo, asanatsike pachulupo.

Pobwerera ku lole, a Ennie anapeza a Ruben atayala kale lona wina pamthunzi, akukonzekera kukhuthula. Anawauza kuti asiye, ndipo aliyense amene wagwira matumbawo akasambe m'manja asanagwire chakudya kapena fodya. Anatola mtolo wa matumba atsopano, anaubweza m'chipinda, anakhoma.

A Langford anaona zonsezo ali pakhomo la ofesi. Anabwera pang'onopang'ono.

"Mwatani, amake Given?"

"Ndawaimbira a Harriet. Pano akulankhula ndi abungwe."

"Musanandiuze ine?"

"Ndikanakuuzani mukanandigonjetsanso. Mawu mumawadziwa, a Zimba, ine sindingalimbane nanu. Koma mphero ija ya m'Malemba, yomangirira m'khosi mwa wolakwira ana, ndi yolemera kuposa matumba onsewa, ndipo khosi langa ndi laling'ono."

Boyd anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya abwana anatembenuka n'kuyamba kumenya matayala ndi chitsulo ngati akuyesa mpweya.

Foni ya mu ofesi inalira, anali abungwe. Anayankha ndi Brenda, ndipo patapita mphindi zochepa anatuluka nkhope itasintha. Sanafunse munthu. Anapita ku lole, anakwera pa tayala ndi nsapato zake za mu ofesi, anasuzumira. Atatsika anaima atagwira chitseko cha lole. Anapempha pepala kwa Boyd, anawerenga mzere wachisanu, kenaka anayang'ana a Ennie.

"Amayi, munasankha mankhwala?"

"Ndinasankha mankhwala, mwanangu. Opopera thonje ukanati ndiwatche chiyani? Kuno timati mankhwala a mutu, mankhwala a makoswe, mankhwala a thonje. Ngakhale a mfiti ndi mankhwala."

Brenda anati iye polemba mndandandawo ankaganiza za makatoni a kuchipatala amene amanyamula mwezi ndi mwezi. M'Chingerezi munali mzere wina wa zinthu zapoizoni, umene pulogalamu siilola kuti uyende ndi chakudya, koma pomasulira anauphatikiza ndi feteleza poganiza kuti zonse ndi za kumunda. A Ennie anati iwo akanayenera kufunsa. Zaka khumi ndi zinayi sanalolepo lole kupakiridwa asanadziwe bwino chimene chagona pafupi ndi chinzake, koma miyezi itatu ya timizere tobiriwira inawaphunzitsa ulesi. Safunsa anadya phula.

"Nanga matumba atsopano aja anali a chiyani, adadi?" anafunsa Brenda. Anali atawaona pawindo.

A Langford anayang'ana kumsewu. Mtsikanayo anamvetsa zonse. Anayang'ana bambo ake monga mmene munthu amayang'anira chinthu chimene wachipeza m'mbale atadya kale theka. Kenaka analowa mu ofesi.

Zotsatira zinayenda mwa dongosolo lake. Abungwe anaimbanso, anati ufawo usachoke pamalopo ndipo usatayidwe kuthengo, chifukwa anyani, njovu ndi anthu omwe angaupeze dzuwa lisanalowe. A zaumoyo ndi a zaulimi abwera kudzauona n'kulamula katayidwe kake, mwina lero, mwina mawa. Za ufa wina anati ayesa kufufuza ku Chipata, koma sangalonjeze. Za mgwirizano wa chaka chamawa sanatchule n'komwe. Opakira anavala mapulasitiki m'manja, anamanga nsalu kumaso, anatsitsa matumba onse n'kuwaunjika pafupi ndi mpanda wa waya, kutali ndi thanki ya madzi. Zigubu anaziika pazokha, zong'ambikazo m'mgolo wa mchenga. Pansi pa lole anathirapo mchenga, n'kukokolola ntchentche ndi mphemvu ndi fosholo. A Ruben sanatchulenso abakha awo.

Brenda anakhala pa kompyuta ola lathunthu. Anauza pulogalamu kuti lole imodzi ikhale yomasuka Lachinayi, ichoke ku Chipata kupita ku Msoro ndi ufa wokhawokha, ngati ufawo upezeke. Pulogalamu inasanjanso mikanda yake. Simenti inachedwa masiku anayi, zakumwa za maloji awiri zinapita ku sabata ya mawa, dalaivala mmodzi anayenera kuyenda Loweruka. Pa sikirini panaoneka timizere titatu tofiira. A Langford anaima patsogolo pake, manja ali m'matumba. Sanavomere, koma sanamuuzenso kuti abweze.

Atatuluka anawaitana a Ennie, osati pansi pa mtengo, koma pabwalo, opakira onse akumva. Anati kampani singakhale ndi kapitawo amene amalakwitsa oda yoopsa chotere, kenaka n'kumaimbira anthu akunja mwini wake asakudziwa. Apite kunyumba. Adzaitanidwa abungwe akamaliza kufufuza, ngati padzakhale choitanira.

A Ennie anamasula makiyi, anawaika m'dzanja mwawo. Anamva chisoni chifukwa cha munthuyo, pakuti anakumbukira msana wake pa chiwongolero tsiku la maliro lija. Koma chala chawo chitakhudza chikhato chake, anachibweza msanga n'kuchipukuta pa chitenje asanaganize n'komwe. A Langford anaona.

A Ennie anatenga chikwama chawo ndi ambulera, anatuluka pa geti. Boyd anawatsatira mpaka pamenepo. Anati zija za kachasu ankangocheza, asazitengere kumtima.

"Unkacheza, koma ukanapeza wogula ukanagulitsa. Pita ukasambe, ukununkha."

Msewu wa kwawo unali kumanzere, wodutsa pamsika. Atayenda pang'ono anamva amayi awiri ogulitsa tomato akukambirana kuti kudepoti ya a Zimba akutaya ufa wa soya, matumba oposa handiredi, abwinobwino, angonyowa pakona. Wina anawonjeza kuti mwana wa mlongo wake ndi wopakira kumeneko, ndipo wanena kuti mpanda wake ndi wa waya wofewa.

A Ennie anaima. Kunyumba zidzukulu zinali zitatsala pang'ono kuweruka, ndipo ankafunika kupeza mawu owauzira anawo chifukwa chimene agogo abwerera dzuwa likadali pamutu. Anatumiza uthenga kwa mnansi wawo kuti awalandire ana. Kenaka anatembenuka.

Sanalowenso pa geti, pakuti analibenso malo m'katimo. Anazungulira kunja kwa mpanda mpaka pamene mulu wa matumba unayandikana ndi waya, pamene munthu wowonda akanatha kupisa dzanja ndi mpeni. Anapeza njerwa ziwiri, anazisanja, anakhala, anatambasula ambulera. Fungo linkafika ndi kamphepo kalikonse, ndipo mutu unayamba kuwawa. Anasunthira kumene mphepo ikuchokera, maso osachoka pa mulu. Chapansipansi ankang'ung'udza nyimbo ya m'kwaya, osatsegula pakamwa kuopa kumeza mpweyawo.

Nthawi itakwana sikisitini awazi a zaumoyo anali asanafike. Amene anafika anali mayi wachitsikana, wowonda, mwana kumbuyo, beseni lopanda kanthu m'manja. Anayang'ana matumba, anayang'ana a Ennie, anagwada pang'ono.

"Mwaswera bwanji, amayi? Ndamva kuti pano akugawa ufa."

"Wamva zabodza, mwanangu. Uwu si ufa."

"Ndikuuona ndi maso. Ngakhale wonyowawo, ndikauyanika. Kunyumba tadya mango okhaokha kuyambira dzana."

A Ennie anayang'ana mwana wa kumbuyoyo, amene ankayamwa ngodya ya chitenje. Anatsegula chikwama, anatulutsa mbatata ziwiri zophika zimene anabwera nazo kuti adye masana, naziika m'besenimo. Anamuuza mayiyo za mankhwala a thonje, za buluzi ndi mphemvu, ndi za mlongo wawo amene anachita thovu kukamwa masiku atatu. Anamuuza kuti abwerere njira imene wadzera, ndipo aliyense amene akumane naye atanyamula beseni amubweze.

Mayiyo anaimabe, maso ali pa matumba.

"Inu ndinu alonda a pano?"

"Ayi. Pano andichotsa ntchito lero."

"Ndiye mukulonderanji?"

"Ndine ndinauipitsa. Pita, mwana asapume fungoli."

Mayiyo anapita, akucheuka. Kumsewu wa kumsika kunatulukira anthu ena atatu, wina ndi ndowa, wina ndi njinga yomangirira chingwe kumbuyo. A Ennie anapinda ambulera, anaimirira pakati pa njira ndi mpanda, n'kuwadikira.